Malaya a Mwamuna wa Mwini pa Chingwe Changa

1

Amene munali pa Migowi m'chaka cha 2003 nkhani yanga munaimva, kungoti munaimva yopindika. Ena ankati ndinamenyedwa ndi chipande pakati pa msika, ena ankati ndinathira mankhwala m'tiyi wa mwamuna wa mwini. Lero ndikuuzani ndekha, ine Rozaria mwini nkhani.

Ndinali ndi katiyirumu kuseri kwa msika, moyang'anana ndi pamene mavenda amapachika masikelo nyengo ya nandolo. Amuna anga a Tobias anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ana anga ankakhala kwa mchemwali wanga ku Mulanje chifukwa cha sukulu, ndiye ndinkakhala ndekha. Kumbuyo kwa tiyirumuyo kunali kachipinda kanga kogona ndi kabwalo kotchingidwa ndi mpanda wa udzu, kumene ndinkatsukira makapu.

Mwa mavenda onse aja, amene sankakuwa pokopa alimi anali a Hector Makina. Anali aatali, ofatsa, oyankhula motsitsa mawu. Anakwatira ku Jenala, ndipo ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kubwera pa Migowi.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, atatsitsa sikelo yawo, anaima pakhomo panga.

"Mayi Rozaria, kuseri kwanuku kumalowa anthu?"

"Kumalowa ine ndi nkhuku zanga. Bwanji?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Mundilole ndikhaleko pang'ono. Koma zisamveke kwa munthu."

Ndinawatsatira ndi chidwi. Atalowa mumpanda muja anavula malaya awo oyera n'kuwapachika pamsomali. M'chikwama anatulutsa malaya ena akale, osokedwa ndi nsalu yobiriwira ya timakiyi tachikasu, n'kuvala. Anakhala pa ndowa yovundikira, kukulunga chingambwe m'kapepala, kuyatsa. Ankakoka utsiwo atatsinzina, ngati munthu waludzu amene wapeza chitsime.

Atatha anapempha madzi ndi sopo. Anasamba kumaso ndi m'manja, kuchukucha m'kamwa, kutafuna tsamba la mandimu, n'kuvalanso malaya oyera aja.

"Obiriwirawa atsale kuno," anatero. "Mawa ndidzawapeza."

"Zonsezi chifukwa cha fodya? Anzanu onse amasutira poyera pamsika pano."

Anangomwetulira, kukwera njinga, ulendo wa ku Jenala.

2

Mawa lake anabweranso. Mkuja wakenso. Zinangosanduka chizolowezi: masana akapeza mpata, ndi madzulo asananyamuke.

Mnzanga Happiness, amene ankagulitsa tomato pafupi ndi khomo langa, maso ake sankaphonya kanthu.

"Iwe Rozaria, bambo wa ku Jenala uja kuseri kwako amakatani?"

"Amakapuma."

"Kupuma! Kuchokera pano mpaka ku Jenala mitengo yamthunzi inatha? Usadzipusitse, mnzanga. Mwamuna uja akukufuna, kungoti pakamwa pake ndi polemera."

Ndinamuseka, koma mawu akewo anandilowa. Ndikagona ndinkawatembenuza. Zoona, fodya munthu angasute paliponse. Nanga iwowa anasankhiranji mpanda wanga? Anandisiyiranji chovala chawo? Ndinayamba kumanga duku latsopano dzuwa likapendeka. Ndinagula mafuta onunkhira. Pamalo pa ndowa ija ndinaikapo kampando.

Iwo sankaona chilichonse mwa izi. Ankakhala, kusuta, kuyang'ana phiri la Michesi pamwamba pa mpanda. Akatsegula pakamwa, ankatchula munthu mmodzi yekha, akazi awo.

"Chigumu chanuchi mayi a Noah amachikonda. Mundikulungireko."

"Mayi a Noah lero adzuka bwino, mpaka akasenza madzi."

Mayi a Noah, mayi a Noah. Dzina lawo lenileni linali Eveles, ndipo ndinayamba kudana nalo ndisanamuone mwini wake. Chigumu ndinkakulunga, inde, koma ndinkasankha cha m'mphepete, chopserera.

Ndinamuona tsiku lina la msika. A Makina anabwera naye panjinga, pakaliya atayalapo katsamiro. Atafika pamalo okumbika anatsika n'kumakankha njingayo mkaziyo ali pomwepo. Ndinayembekeza kuona chiphadzuwa. Ndinaona kamkazi kowonda, kamaso olowa, koyenda pang'onopang'ono ngati kakuwerenga miyala. Dengu anasenza ndi mwamuna, anthu akuona.

Koma chimene chinandibaya chinali diresi lake. Nsalu yobiriwira, timakiyi tachikasu. Nsalu imodzimodzi ndi malaya amene anali pamsomali kuseri kwanga. Anasoketsa limodzi anthuwa, mwina pa ukwati wa mbale wawo, n'kumayenda atafanana ngati mapasa.

Ndinalowa m'kati n'kuphwanya kapu mwangozi. Ndinkadzifunsa: ine wathupi langa, wogwira ntchito ndi manja anga, ndikugona ndekha; uyu wongotsala mafupa ali ndi chiyani choti mwamuna azimutsikira panjinga?

3

Malaya aja ankanunkha. Utsi wa miyezi yonse ija unali utamatirira, moti ngakhale nkhuku sizinkayandikira. M'mawa wina ndinawachapa popanda wondituma. Pochapapo ndinaona chigamba pakolala, chosokedwa ndi timisoko ting'onoting'ono, tofanana bwino. Dzanja la Eveles. Ndinafikisa pamenepo mwamphamvu kuposa pena paliponse.

Chingwe changa chinali chotsika, ndiye ndinachikweza ndi mtengo wamphanda kuti mbuzi zisadye zovala. Malaya obiriwira anakwera pamwamba pa mpanda, pambali pa chitenje changa ndi zilundu zanga, akukupiza ndi mphepo ya Ogasiti. Ndinaona kuti akuonekera kumsika. Ndinaima, kuyang'ana, n'kubwerera ku ketulo yanga.

Tsiku limenelo amayi a ku Jenala anabwera ambiri ndi nandolo wawo.

Masana Happiness anathamangira kwa ine. "Watani iwe? Amayi aja akuloza chingwe chako. Akuti nsalu imeneyo akuidziwa."

"Aloze. Chingwe ndi changa."

"Ndiye ndi zoona eti? Zinatheka?"

Ndikanatha kumuuza kuti palibe chimene chinatheka, kuti munthuyo sanandigwirepo ngakhale chala. Koma Happiness ankandiyang'ana ndi maso osilira, maso amene palibe anandiyang'ana nawo chimwalirireni a Tobias. Ndinangoseka n'kupukuta tebulo.

A Makina atabwera madzulo anapeza malaya awo atasitidwa, atapindidwa bwino.

"Mwavutikiranji, mayi?" anatero. "Zikomo." Anavala, kusuta, kupita. Sanadziwe kuti nkhani yawo inali itawatsogolera kale pamsewu wa ku Jenala.

4

Tsiku la msika lotsatira, tiyirumu ili yodzaza, ndinamva njinga ya kabaza ikuima pakhomo. Anatsika Eveles, yekha. Sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa pakati pa mabenchi, kukankha chitseko cha kuseri, ndipo pobwerera anali atagwira malaya obiriwira m'manja.

"Ndinu a Rozaria?"

"Ndine."

"Malaya awa amuna anga anandiuza kuti anagwa panjinga n'kutayika. Agwera bwanji pamsomali wa kuchipinda kwanu?"

Makasitomala anasiya kumwa. Panja anthu anayamba kusonkhana, Happiness ali patsogolo.

"Mayi, pano ndi pa bizinesi. Ngati muli ndi nkhani, sikelo ya amuna anu ili apo."

"Ndikufunsa inu!" anatero Eveles. "Ine ndakhala ndikudwala. Ndimati Mulungu anandipatsa mwamuna wopirira. Madzulo amafika akununkhira sopo, m'kamwa muli mandimu, ine n'kumati ndi ukhondo. Kani amachita kusambitsidwa kuno? Mulibe manyazi, mkazi wamkulu ngati inu? Amuna anu munaika m'manda, tsopano mukufuna anga?"

Mawu omalizawo ananditentha. Yankho loona linali pamilomo: amuna anu amabwera kudzasuta fodya, basi. Koma ndinali nditalonjeza kusaulula, ndipo kunena zoona lonjezolo silimene linanditseka pakamwa. Sindinafune kuti msika wonse udziwe kuti ine, ndi duku langa latsopano, ndinali mlonda wa chingambwe chabe.

Ndinaika ketulo pansi, kumuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Kafunseni amuna anu chimene amachipeza kuno, chimene kunyumba kwanu sangachipeze."

Anthu anakuwa, ena kuimba mluzu. Eveles anagwira pachifuwa. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pake ukudumpha mothamanga, kuima, kudumphanso. Thukuta linatuluka pamphumi. Anafuna kugwira benchi, kuliphonya, n'kugwa pakati pa makapu.

"Wafa! Rozaria wapha munthu!"

A Makina anatulukira akukankha anthu. Sindinawaonepo akuthamanga chikhalire. Anagwada, kumunyamula ngati mwana, akuitana, "Eveles! Eveles, ndine!" Dalaivala wina wa minibasi anatsitsa anthu ake. Palibe mayi amene anasuntha kuti aperekeze; onse ankangoonerera. A Makina anatembenukira kwa ine.

"Kwerani, mumugwire mutu."

Ndinakwera. Msewu wonse wa ku Phalombe mutu wa Eveles unali pamiyendo panga, dzanja langa lili pachifuwa chake. Pansi pa chikhatho changa mtima wake unkagunda ngati mbalame yotsekeredwa m'dengu. Amuna ake ankamugwira mapazi akupemphera m'Chilomwe. Ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

5

Kuchipatala anamubaya jakisoni, kumuika diripi, ndipo patapita nthawi anatsegula maso. Malume ake, a Goodman, anali pa Boma tsiku limenelo. Uthenga utawapeza anafika akupuma mwaphuma. Ine ndinaima pakhomo la wodi, osalowa, osachoka.

Adokotala, bambo wa imvi ndi magalasi, anawazindikira a Makina.

"Si inu munabwera ndi mayiwa chaka chatha? Ndinakuuzani chiyani za fodya?"

"Anasiya," anayankha a Goodman. "Analumbira pamaso pa ankhoswe, ine ndili pomwepo. Tinamuuza kuti akapitiriza, atenge katundu wake azipita kwawo. Mbumba yanga sindingaitaye chifukwa cha utsi."

Adokotala anagwira dzanja la a Makina, kulitembenuza, kuona zala zachikasu.

A Makina anagwada pambali pa bedi.

"Malume, sindinasiye. Ndinayesa. Ndinatha sabata ndikunjenjemera, ndikukalipira ana popanda chifukwa. Ndinalephera. Ndiye ndinati bola utsiwo usamufike. Panjira ndinkaopa anthu a kwathu, pamsika chimodzimodzi. Ndinapeza mpanda wa mayi awa. Malaya osutira ndinkasiya komweko kuti fungo lisalowe m'nyumba. Mayiwa alibe mlandu. Sindinawaganizirepo chilichonse, Mulungu ndi mboni."

Sindinawaganizirepo chilichonse. Anali kundiyeretsa pamaso pa anthu, koma ine ndinamva ngati andivula nsalu.

Eveles anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Fodya?"

"Fodya, mayi a Noah."

"Miyezi yonseyi mukundinamiza chifukwa cha fodya?"

A Goodman anakwiya. "Adokotala, tandiuzaninso bwino. Wosuta ndi uyu, wolimba ngati ng'ombe. Wodwala ndi uyu, amene sanagwirepo ndudu. Zimatheka bwanji?"

Adokotala anakhala pampando. "Mtima sudziyendetsa wokha, bambo. Uli ndi minyewa imene imaulamula. Ina imauuza kuti fulumira, munthu akamathamanga kapena akaopa. Ina imauuza kuti khazikika, munthu akapuma. Utsi wa fodya susankha kuti wayatsa ndani. Aliyense amene akuupuma m'chipinda chotseka, minyewa yofulumizitsa ija imangokhala yodzuka, yokhazika ija imafooka. Zili ngati njinga yotha mabuleki. Pamalo osalala simudziwa. Mudzadziwira potsetsereka." Analoza Eveles. "Mayiwa ali kale ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndiye utsi unkawonjezera moto. Chaka chatha ankakomoka ali chikhalire. Chichokereni utsi m'nyumba anali atayamba kupeza bwino, mwaona nokha. Lero ndi ulendo wapanjinga padzuwa, ndi mkwiyo. Potsetsereka paja ndi pamenepa."

Ndinatsamira khoma. Sindinkamvanso za Eveles. Ndinkaona kachipinda kamene ndinkagona ndi a Tobias, kopanda windo, iwo atagona chagada akusuta ndudu imodzi pambuyo pa inzake, utsi uli tolo pansi pa denga. Zaka zonse zija mtima wanga unkandidzidzimutsa, kuthamanga popanda chondithamangitsa, manja kuzizira. Apongozi ankati ndi mantha achikazi. Ena ankati ndalodzedwa, mpaka ananditemera mphini pachifuwa. Tsiku lina ndinawapempha a Tobias kuti azikasutira pakhonde. Anandiyankha kuti, "Nyumba ndinamanga ndine. Ukaona kuti utsi wachuluka, tuluka iweyo." Atamwalira, vutolo linazilala lokha, ndipo ndinkachita manyazi poganiza kuti mwina mtima wanga unakondwera ndi imfa yawo.

Ndinayang'ana m'wodi muja. Mwamuna wamtali ali chigwadire pasimenti, chipumi chili pa dzanja la mkazi wake, akulira osabisa. Eveles anali atayang'ana kukhoma, koma dzanjalo sanalichotse.

Nsanje imene ndinali nayo kale inali yamasewera. Yeniyeni inandigwira pamenepo.

6

Ndinabwerera ndekha pa Migowi. Choonadi chinafika pamsika mochedwa, ndipo anthu sanachikonde. Bodza lija linali lokoma kuposa. Amayi analetsa amuna awo kumwa tiyi kwa ine. Kutchalitchi benchi limene ndinkakhala linkatsala lopanda anthu. Happiness, amene anandikolezera moto, ndi amene ankafotokoza nkhaniyo mokometsera kwa aliyense wogula tomato. A Makina anasamutsira sikelo yawo mbali ina ya msika.

Mvula yoyamba itagwa, ndikusesa pakhomo, ndinaona Eveles akubwera wapansi kuchokera pa siteji. Anali atanenepako. Analowa, kukhala pabenchi, n'kuitanitsa tiyi ngati kasitomala wina aliyense. Ndinamuthirira.

"A Makina akupeza bwanji?" ndinafunsa.

"Akulimbana nazo. Tsopano akafuna kusuta amandiuza, amapita kudimba, ine ndikudziwa. Masiku ena amatha osayatsa. Amatafuna nzimbe ngati mwana, mano atha." Anamwa pang'ono. "Malume ankafuna kuwathamangitsa. Ndinakana ndine."

Kenako anaika kapu pansi.

"Ndabwera kudzafunsa chinthu chimodzi. Iwo anandiuza mbali yawo. Nanga inu, munkawafuna?"

Ndinayang'ana ketulo imene inali m'manja mwanga. "Ndinkawafuna."

Anagwedeza mutu, ngati munthu amene wapeza chimene ankayembekeza. "Ndiye mawu aja munanena dala kuti andipweteke."

"Dala."

"Akakhala kuseriko ankakamba chiyani?"

"Za inu. Tsiku lililonse za inu, mpaka ndinkafuna kuwathira madzi otentha."

Eveles anaseka mosayembekeza, kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine sindinaseke. Ponyamuka anati, "Munandigwira mutu m'galimoto muja, anandiuza. Pa chimenecho zikomo. Zinazo sindinakhululuke, mwina m'tsogolo." Anatuluka osacheuka. Sitinakhale mabwenzi, koma tikakumana timapatsana moni.

7

Chaka chotsatira dalaivala wina wa lole, a Phillip, amene ankanyamula nandolo kupita ku Limbe, anayamba kundifunsira. Anali osangalatsa, owolowa manja, ndipo za mbiri yanga analibe nazo ntchito. Anthu ankati ndachita mwayi, mkazi wotchuka ndi zoipa ngati ine. Tsiku limene anabwera kudzamva yankho anakhala patebulo langa ndudu ili pakamwa.

"A Phillip, tikakwatirana, fodyayu muzikasutira kuti?"

Anaseka. "Funso lanji limenelo? M'nyumba mwanga. Angandiletse ndani?"

Ndinawathirira tiyi wina, kuwaikira sikono yaikulu, n'kuwauza kuti akafune mkazi kwina. Mpaka lero amauza anzawo kuti Rozaria mutu wake suyenda bwino.

Inu amene mukuwerenga, sindikudziwa kuti mundiweruza bwanji. Ngati ndinu bambo wosuta, sindikukuuzani kuti muzinamiza akazi anu. Bodza la a Makina linatsala pang'ono kupha munthu yemwe ankamuteteza. Koma tayang'anani amene wagona pambali panu, ndi ana amene ali pamphasa. Chimene mukutulutsa m'kamwa chikulowa mwa iwo, ndipo mtima wawo ukamadumpha usiku sadziwa kuti akuuzeni bwanji. Khomo lili pafupi. Tulukani.

Ngati ndinu mayi mnzanga amene munasilirapo banja la wina, inu mukundimvetsa. Ndimawaonabe anthu awiri aja tsiku la msika, atakalamba tsopano, akukangana za mtengo wa mafuta ophikira ngati banja lina lililonse. Nsanje sinandithere, ndisakunamizeni. Kungoti tsopano ndikudziwa chimene ndimasilira, ndipo chochepera pamenepo sindidzachilandira.